Makina Sadikira Woimba: Za Chimbale Choyamba cha Nine Inch Nails

Mau Oyamba

Ena mwa owerenga athu, makamaka achikulire pa unsembe, adabwa kuwona kuti masamba ano lero akukamba za chimbale cha nyimbo zaphokoso cha ku America. Tiwayankhe msanga. Chimbale chimenechi, Pretty Hate Machine, chili ndi nyimbo khumi. Imodzi ikulankhula ndi Mulungu maso ndi maso nkumuimba mlandu. Ina dzina lake ndi Sin, ndiye kuti tchimo. Inanso ndi Sanctified, ndiye kuti woyeretsedwa. Munthu akabwereka mau a paguwa nkukawaimbira anthu mamiliyoni, ife amene timawatchula tsiku ndi tsiku tiyenera kupita kukamva m'mene iyeyo akuwatchulira.

Komabe sitiyambira pa mau. Ife ansembe tili ndi chizolowezi chothamangira mau a nyimbo, ngati kuti nyimbo ndi ulaliki umene wangovala chuni. Pano tiyamba ndi mafunso a mmisiri: kodi chinthuchi chidapangidwa bwanji, ndipo chimamveka motani? Pakuti ganizo lathu nlakuti chimene chimbalechi chikunena chagona m'kapangidwe kake koposa m'mau ake.

1. Nyimbo za mafakitale

Mtundu wa nyimbozi umatchedwa industrial, liwu la Chingerezi lonena za mafakitale. Dzinali lidamera ku England mu 1976, pamene gulu la Throbbing Gristle lidatsegula kampani yake ya zimbale nkuitcha Industrial Records. Ganizo lake lidali lakale ndithu. Mu 1913 Luigi Russolo wa ku Italy adalemba kuti khutu la munthu wokhala pakati pa makina silingakhutirenso ndi vayolini ndi piyano, ndipo adapanga mabokosi otulutsa phokoso kuti akhale zoimbira zatsopano. Mu 1980 gulu la Einstürzende Neubauten lidayamba ku West Berlin, likumenya zitsulo zotayidwa ndi kuliza makina obowolera. Pambuyo pake Skinny Puppy ku Vancouver ndi Ministry ku Chicago adalimbitsa ng'oma za makina kuti phokosolo livinike.

Ambiri mwa iwowa adali ndi khalidwe limodzi. Liwu la munthu ankalipotoza ndi makina, kapena kulikwirira pansi pa phokoso, ndipo nkhani zao zidali za nkhondo, za ulamuliro wankhanza, za nkhanza zochitira nyama. Munthu mmodzi wonena za mtima wake wosweka sankamveka kawirikawiri. Apa ndi pamene Trent Reznor adapatukira anzake.

2. Munthu mmodzi, usiku

Reznor adabadwa pa 17 Meyi 1965, nakulira ku Mercer, katauni kakang'ono m'chigawo cha Pennsylvania, m'manja mwa agogo ake a kuchikazi, makolo ake atasiyana ukwati. Adaphunzira piyano kuyambira ali mwana, ndipo ku sekondale adasewerapo mbali ya Yudasi m'sewero loimba la Jesus Christ Superstar. Atatha chaka chimodzi akuphunzira za makompyuta ku Allegheny College, adasiya sukulu napita ku Cleveland, m'chigawo cha Ohio. Mzinda umenewu udakula ndi mafakitale a zitsulo. Mtsinje wake wa Cuyahoga udada ndi mafuta mpaka udayaka moto mu 1969, ndipo mu 1978 boma la mzindawo lidalephera kubweza ngongole zake. Choncho Reznor adafika pakati pa mafakitale amene ambiri adali atayamba kale kuzizira.

Atatha kuimba kiyibodi m'timagulu tingapo, adapeza ntchito ku situdiyo ya Right Track monga wothandiza amisiri ojambula nyimbo ndiponso wosesa. Mwini wake, Bart Koster, adamlola kugwiritsa ntchito makina pa nthawi imene padalibe wolipira, ndiye kuti makamaka usiku. Ndi m'maora amenewo, mu 1988, m'mene nyimbo zoyamba zidajambulidwa. Posapeza oimba omvetsa zimene ankafuna, adatsanzira Prince, amene ankadziimbira yekha pafupifupi zoimbira zonse. Tsono dzina loti Nine Inch Nails, limene limamveka ngati la gulu, pa chimbale ichi likubisa munthu mmodzi. Richard Patrick adangoliza gitala pang'ono kumapeto kwa Sanctified, ndipo Chris Vrenna adathandiza kulumikiza zojambulidwa. Zina pafupifupi zonse ndi manja a Reznor.

Nkofunika kumvetsa zida zimene adagwiritsa ntchito. Choyamba ndi synthesizer, kiyibodi imene ilibe zingwe kapena mipope ngati limba la m'tchalitchi, koma imapanga kulira kwake ndi magetsi. Chachiwiri ndi sampler, imene kwa iye idali E-mu Emax. Makina amenewa amatapa kulira kulikonse, kaya kwa chitseko, kwa chitsulo kapena kwa liwu la munthu, nkukusandutsa manambala. Pambuyo pake woimba amatha kukudula, kukutembenuza cham'mbuyo, kukukweza kapena kukutsitsa pongodina kiyibodi. Emax inkasunga masekondi owerengeka chabe, ndiponso mosasalala kwenikweni, nchifukwa chake ng'oma za pa chimbalechi zimamveka zouma ndi zokhakhala ngati zili ndi mchenga. Chachitatu ndi kompyuta ya Macintosh Plus, imene inkalamula zida zinazo kuti ichi chilire apa, icho chilire apo. Kompyuta imagawa nthawi m'tizigawo tofanana ndendende, ndipo kugunda kulikonse kumagwera pa malo ake popanda kufulumira kapena kuchedwa. Owerenga asunge mfundo imeneyi, chifukwa tibwererako.

Za mau a nyimbozi, Reznor mwini wake adafotokoza kuti poyamba ankayesa kulemba zandale motsanzira gulu la The Clash, koma adawona kuti akudzinamiza. Adatsegula kabuku kake kam'seri, m'mene ankalembamo zakukhosi, nayamba kuimba zimenezo.

3. Mizinda inai

Akulu adati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Kampani imene idamtenga, TVT Records ya ku New York, idatchuka ndi zimbale za tinyimbo totsegulira mapulogalamu a pa wailesi ya kanema, ndipo nyimbo za usiku za ku Cleveland zidayenera kudutsa m'manja mwa akatswiri anai zisanatuluke.

Reznor ankafuna kuti Flood, amene dzina lake lenileni ndi Mark Ellis, akonze chimbale chonse. Koma iyeyo adali atalonjeza kale ntchito ku gulu la Depeche Mode, choncho adangokonza nyimbo ziwiri zoyamba, Head Like a Hole ndi Terrible Lie, ku Boston. Ndizo zimene zili ndi thupi lolemera koposa zina zonse. Adrian Sherwood wa ku London adali katswiri wa dub, njira yochokera ku Jamaica imene mmisiri amachotsa zoimbira mwadzidzidzi nkusiya ng'oma ndi besi zokha. Keith LeBlanc adali woimba ng'oma wa kampani ya Sugar Hill m'masiku oyamba a hip hop. Awiriwa ndiwo adaumba Down in It, m'mene Reznor amalankhula mothamanga m'malo moimba. Iye mwini adavomera kuti nyimboyi adaitengera ku Dig It ya Skinny Puppy.

Nyimbo zambiri zotsala adazikonza ndi John Fryer ku situdiyo ya Blackwing ku London. Situdiyo imeneyi idali m'nyumba ya tchalitchi chakale cha All Hallows, ndiye kuti Oyera Onse, ku Southwark, chimene mabomba adagumula mbali yake pa Nkhondo Yachiwiri ya dziko lonse, ndipo patapita zaka anthu adaleka kupemphereramo. Mlaliki aliyense angakopeke kumanga ulaliki wonse pa mfundo imeneyi. Ife tingoitchula nkupitirira, chifukwa amisiriwo adapitako pofuna makina, osati guwa.

Chimbale chidatuluka pa 20 Okutobala 1989, Reznor ali ndi zaka 24. Pachikuto pali chithunzi chimene Gary Talpas adakonza: mapiko achitsulo a injini yozungulira, otalikitsidwa kuti awoneke ngati nthiti za munthu. Pa mndandanda wa Billboard wa zimbale zogulidwa kwambiri chidangofika pa nambala 75, koma chidayenda pang'onopang'ono osaima, kotero kuti pofika 2003 chidali chitagulidwa makope mamiliyoni atatu ku America kokha.

4. M'mene chimamvekera

Amene sadachimvepo amayembekeza chisokonezo. Akachimva adzapeza dongosolo loposa muyeso. Head Like a Hole imayamba ndi tizitsulo togogoda ndi mau a anthu odulidwadulidwa. Kenaka besi wa magetsi amalowa nkumangozungulira pa tizigawo tomwetomweto. Woimba amayamba motsitsa, ngati munthu wolankhula mano ali okukuta. Ndipo pa kolasi gitala wokhakhala amagwa ngati chitseko chachitsulo. Koma ndime, kolasi, ndime, kolasi, zonse zili m'malo mwake monga m'nyimbo iliyonse ya pa wailesi, ndipo munthu amaigwira atangoimva kawiri. Okonda industrial yakale adadandaula kuti ichi nchimbale cha nyimbo zotsekemera chimene changovala malaya azitsulo. Adanena zoona, koma adalakwa poyesa kuti chimenecho nchilema. Throbbing Gristle idatiwonetsa fakitale. Reznor adaika munthu m'kati mwake, ndipo munthu sangamveke popanda chuni.

Terrible Lie imagwiritsa ntchito chete monga choimbira. Phokoso limagunda nkudukiza, woimba nkuponya liwu kwa Mulungu pa mpata umene watsalawo. Chimene chimabwera pambuyo pake ndi kugunda komwekuja, kofanana ndi koyamba, ngati kuti sadanene kanthu. Something I Can Never Have ilibe ng'oma zovinira. Piyano imabwereza kachigawo kamodzi pafupifupi mphindi zisanu ndi imodzi, ndipo patali pamamveka ngati nthunzi yotuluka m'paipi ndi chitsulo cholemera chikugwa apo ndi apo. Liwu lili pafupi ndi khutu kotero kuti timamva munthuyo akukoka mpweya. Pa chimbale chonse, chinthu chokha chimene chimapuma, kusasa ndi kuphonya pang'ono ndi liwu limeneli.

Pano tibwerere ku mfundo ija ya kompyuta. Makolo athu adadziwa kale kuti dandaulo limayenda bwino pa kugunda kwa ntchito. Nyimbo zambiri za pamtondo nzodandaula: mai amaulula za mwamuna woledzera kapena za apongozi ovuta, musi ukukwera ndi kutsika. Koma musiwo uli m'manja mwa munthu. Akatopa umachedwa, mnzake wosinja naye amamdikira, akaponya liwu, mnzakeyo amavomera. Ngakhale m'kwaya ya pa parishi, wotsogolera akachedwa kukoka mpweya, woimba ng'oma amamva nkumuyembekeza pang'ono, mwina osadziwa nkomwe kuti wachita chifundo. Tsono taganizani mai yemwe uja akuimba dandaulo lake yekha m'chigayo, injini ikulira. Injini siimva, siidikira, siivomera. Akuwe kapena anong'one, iyo ipitirira pa liwiro lake. Umu ndi m'mene Pretty Hate Machine imamvekera, ndipo nchifukwa chake imapweteka ngakhale kwa munthu wosadziwa Chingerezi. Chomvetsa chisoni koposa nchakuti injiniyo adaikonza ndi woimba yemweyo. Mau amene amamveka ngati ovomera pa kolasi nawonso ndi ake omwe, ojambulidwa kachiwiri ndi kachitatu.

5. Kuweruza kwathu

Thomas Aquinas Woyera adaphunzitsa kuti kukongola kumafuna zinthu zitatu: integritas, kukhala champhumphu, consonantia, kugwirizana kwa zigawo, ndi claritas, kuwala kumene kumaonetsa chimene chinthucho chili. Pa kugwirizana kwa zigawo, chimbalechi sichisowa kanthu, ngakhale chidadutsa m'manja ambiri. Pa kuwala, tikuvomera kuti nzochepa zimbale zimene zidaonetsa kusungulumwa kwa munthu wamakono momveka chotere. Pamene chikuperewera ndi pa umphumphu.

Mbali ina ya kuperewerako njamsinkhu chabe. Kinda I Want To ndi The Only Time zakalamba, ndipo kulira kwa makiyibodi ake kumanunkha zaka za m'ma 1980. Mau ambiri ndi a mnyamata wodzimvera chisoni. Koma chilema chachikulu nchakuti m'nyimbo khumi zonsezi mulibe munthu wachiwiri. Mkazi amene akutchulidwa mu Sanctified, mu Sin ndi mu Ringfinger alibe nkhope, alibe mbiri, alibe liwu. Ntchito yake nkupulumutsa woimba kapena kumuwononga. Mu Ringfinger lonjezo la ukwati lafaniziridwa ndi kupachikidwa pa mtanda, koma palibe pamene woimba akudzifunsa ngati mkaziyo nayenso ali ndi mtanda wake. Mau opatulika m'nyimbo zimenezi akungogwira ntchito yokuza ululu wa mwini wake. Sitikuwatcha mwano, tikuwatcha ngongole imene wobwereka sadadziwe kukula kwake.

Terrible Lie yokha njosiyana, ndipo tikupempha abale athu kuti asaifulumirire. Munthu wonyoza Mulungu amalankhula za Iye kwa anthu ena. Woimba uyu akulankhula ndi Iye mwini, ndipo nyimbo imene idayamba ndi kuimba mlandu imatha ndi kupempha kuti asasiyidwe yekha. Ife amene timapemphera Salimo 88 Lachisanu lililonse pa mapemphero a usiku, salimo limene limathera mu mdima popanda liwu la chitonthozo, sitingati kulankhula kotere nkwachilendo m'nyumba ya Mulungu. Tikumbukenso kuti pa mapeto a buku la Yobe, amene Mulungu adawadzudzula ndi abwenzi aja omuikira kumbuyo, pamene Yobe wodandaulayo adamuyamikira kuti adanena zolungama.

Komabe pali kusiyana kuwiri. Koyamba, Yobe atatha kulankhula adakhala chete namva yankho. Ndipo salimo, ngakhale likhale la munthu mmodzi, lili m'buku la mpingo, limaimbidwa mbali iyi ikuyamba, mbali iyo ikuvomera. Mu Terrible Lie mpata wa yankho ulipo, koma udadzazidwa kale ndi makina. Kwachiwiri, tiwone kuti ndi Mulungu uti amene akuimbidwa mlandu. Nyimbo yoyamba ya chimbale ikunena za ndalama monga mulungu wolamula anthu kumgwadira. Yachiwiri ikunena za Mulungu monga wamalonda amene adalonjeza katundu koma osapereka, ndipo tsopano ali ndi ngongole kwa woimba. Milungu iwiriyi njapachibale. Yonse imayenda ngati makina: uikemo chakuti, utulutse chakuti. Mulungu wotere akaimbidwa mlandu wa bodza, mlanduwo ngwoona, chifukwa Mulungu wotere kulibe. Funso limene liyenera kutisowetsa tulo nlakuti, kodi ndi achinyamata angati amene adamphunzira Mulungu ameneyu pa katekisimu wathu ndi pa maulaliki athu, pamene tidawauza, pofuna kufupikitsa nkhani, kuti akakhala ana abwino zonse zidzawayendera?

Mau Otsiriza

Nyimbozi sizidakhalire m'situdiyo. Pokaziimba pamaso pa anthu, Reznor adatenga oimba amoyo, Vrenna pa ng'oma ndi Patrick pa gitala, ndipo zidasanduka zaukali koposa, mpaka zoimbira kumaphwanyidwa pa nsanja. Pa ulendo wa zoimbaimba wa Lollapalooza mu 1991, makamu a achinyamata ankaimba naye kolasi ya Head Like a Hole. Ovomera aja amene adasowa usiku ku Cleveland adapezeka, zikwi ndi zikwi, ngakhale kuti kuvomera kwao kudali kubwereza dandaulo lomwelo, aliyense ponena za iye mwini. Reznor adakula pa luso. Adakangana ndi TVT nachokako, adatulutsa The Downward Spiral mu 1994, adalandira mphotho ya Oscar mu 2011 pamodzi ndi Atticus Ross chifukwa cha nyimbo za m'filimu ya The Social Network, ndipo mu 2020 Nine Inch Nails idalandiridwa mu Rock and Roll Hall of Fame, imene nyumba yake ili mu mzinda womwe uja m'mene iye ankasesa situdiyo.

Kwa abale athu a m'seminale amene afuna kudziweruzira okha, tikulangiza nyimbo zitatu: Head Like a Hole, Terrible Lie ndi Something I Can Never Have. Zina zili ndi mau osayenera, ndipo mungazilumphe osataya zambiri. Muzimvere kawiri. Koyamba tsatani ng'oma zokha, muwone ngati pali pamene zikumdikira woimba. Kachiwiri tsatani mpweya wake. Tsiku lina munthu wolankhula motere adzakhala patsogolo panu, m'chipinda cholapira kapena pa khonde la nyumba ya ansembe, akuimba Mulungu mlandu ndi mau amene sali m'buku lililonse la mapemphero. Yankho lokonzeratu, lotuluka pa nthawi yake mosasamala zimene wanena, adalimva kale kokwanira. Mudzayambe mwamdikira kuti atsirize.